Lipoti: Mmene Leicester City inachotsera Claudio Ranieri, ndi komwe mkwiyo wa masapota unakagwera

Lachinayi pa 23 Febuluwale 2017, kunja kutada, timu ya Leicester City ya ku England inatulutsa chikalata cholengeza kuti yasiyana ndi mphunzitsi wake wa ku Italy, Claudio Ranieri. Apa n'kuti patangotha miyezi isanu ndi inayi Ranieri yemweyo ataipatsa timuyi chikho cha ligi yaikulu ya dzikolo, choyamba chikhazikitsireni timuyi mu 1884. N'kutinso patangotha milungu isanu ndi umodzi bungwe la FIFA litamupatsa mphoto ya mphunzitsi woposa onse padziko m'chaka cha 2016.

Ntchito yanga ndi kulangiza akuluakulu a matimu pa kalankhulidwe kawo ndi masapota komanso atolankhani, ndipo nkhani ya Ranieri ndimaiphunzitsa kawirikawiri. Anthu akaikumbukira amathamangira kufunsa ngati kunali koyenera kumuchotsa. Funsolo ndiliyankha, poti manambala alipo. Koma maso anga ali kwambiri pa masiku 16 amene anadutsa chiganizocho chisanalengezedwe, ndi masiku ochepa otsatira, pamene eni timu anasiya anthu ena kusenza mlandu umene unali wawo.

Timu imene Ranieri anaipeza

Ranieri anafika mu Julayi 2015 kudzalowa m'malo mwa Nigel Pearson. Pearson anali atangoipulumutsa timuyi modabwitsa: itakhala kunsonga kwenikweni kwa miyezi, inapambana masewero 7 mwa 9 omaliza n'kuthera pa nambala 14. Ranieri sanalandiridwe ndi nthungululu. Ntchito yake yomaliza inali ku timu ya dziko la Greece, komwe anamuchotsa mu Novembala 2014 atagonja pakhomo ndi Faroe Islands, kadziko kamene ambiri sankadziwa kuti kali ndi timu. Makampani a juga ankati mwayi woti Leicester itenge ligi unali umodzi pa 5,000.

Inatenga, ndi mapointi 81, itagonja katatu kokha sizoni yonse, n'kuisiya Arsenal kumbuyo ndi mapointi 10. Mu Ogasiti 2016 eni timu anamupatsa kontirakiti yatsopano yofika mu 2020.

Mfundo imodzi ya nyengo imeneyo ndi yofunika kuisunga. Ranieri anapeza othandizira a Pearson, monga Craig Shakespeare, Steve Walsh ndi Mike Stowell, ndipo anawasunga, n'kusiya zambiri za maphunziro a tsiku ndi tsiku mmene anazipezera. Inali nzeru, ndipo inabala chikho. Koma zinatanthauzanso kuti pakhomopo panali kale munthu wina, Shakespeare, amene osewera akuluakulu anazolowerana naye kwa zaka Ranieri asanabwere. Zinthu zikamayenda, zimenezi sizioneka. Zikavuta, eni timu amadziwa kuti wolowa m'malo sakamusaka patali.

Pomwe zinasokonekera

Mu Julayi 2016 timu inataya anthu awiri. Steve Walsh, katswiri wofufuza osewera amene anathandiza kubweretsa Jamie Vardy, Riyad Mahrez ndi N'Golo Kanté pamtengo wotsika, anapita ku Everton. Kanté anagulidwa ndi Chelsea pa mapaundi pafupifupi 32 miliyoni.

Za Kanté zifunika kufotokoza bwino, chifukwa ndi pomwe pali muzu wa vuto la pabwalo. Leicester inkasewera ndi anthu awiri okha pakati penipeni, Kanté ndi Danny Drinkwater, pamene matimu ambiri amaikapo atatu. Zinkatheka chifukwa Kanté ankalanda mipira kuposa wosewera wina aliyense mu ligi sizoni imeneyo. Kumbuyo kwake kunali Wes Morgan ndi Robert Huth, amuna amphamvu pamipira ya m'mwamba koma olemera miyendo, onse opitirira zaka 30. Kanté akalanda mpira, Drinkwater ankauponya msanga kutsogolo, Vardy n'kuuthamangira. Atachoka Kanté, Morgan ndi Huth anayamba kukumana ndi adani maso ndi maso pamalo otakasuka, pomwe liwiro lawo silikanawathandiza. Nampalys Mendy, amene anagulidwa ku Nice kuti atseke dzenjelo, anavulala pa gemu yake yoyamba ya ligi. Wilfred Ndidi anadzafika kuchokera ku Genk mu Januwale, madzi atafika kale m'khosi. Nawo adani anali ataphunzira: anasiya kukhamukira kutsogolo, n'kumamudikira Vardy kumbuyo kuti asowe kothamangira.

Ndalama zinatuluka ndithu. Islam Slimani ndi Ahmed Musa anagulidwa pamitengo imene timuyi inali isanalipirepo. Kuti awapezere malo, Ranieri anayamba kusinthasintha kaimidwe ka timu, ndipo Shinji Okazaki, wothamanga mosatopa kumbuyo kwa Vardy, ankapezeka pabenchi kawirikawiri.

Chodabwitsa n'chakuti mu mpikisano wa Champions League zinkayenda. Leicester inatsogola m'gulu lake momwe munali Porto, Copenhagen ndi Club Brugge. Mu ligi ndi momwe munali maliro. Pa 31 Disembala 2016 inagonjetsa West Ham 1-0, ndipo chigoli cha Slimani tsiku limenelo chinakhala chomaliza cha mu ligi pansi pa Ranieri. Inalepherana 0-0 ndi Middlesbrough, kenako inagonja kasanu motsatizana: 3-0 ndi Chelsea, 3-0 ndi Southampton, 1-0 ndi Burnley, 3-0 ndi Manchester United, 2-0 ndi Swansea. Koyenda inali isanapambaneko ngakhale kamodzi mu ligi sizoni yonseyo. Itasewera magemu 25 inali ndi mapointi 21, pa nambala 17, pointi imodzi yokha pamwamba pa matimu atatu otuluka mu ligi.

Zizindikiro zoti m'nyumba mulibe mtendere zinkaonekera poyera. Kumapeto kwa Januwale, Leonardo Ulloa analemba pa Twitter kuti Ranieri wamugwiritsa fuwa lamoto pomukaniza kupita ku timu ina. Atagonja ndi Manchester United, goloboyi Kasper Schmeichel anauza atolankhani kuti mmene akutetezera chikho chawo ndi zochititsa manyazi, ndipo akapanda kusintha atuluka mu ligi.

Kutuluka mu ligi sizoni imeneyo kunali kodula kuposa kale lonse. Unali chaka choyamba cha mgwirizano wa wailesi zakanema wa mapaundi oposa 5 biliyoni pa zaka zitatu, moti ngakhale Sunderland, imene inathera kunsonga, inalandira mapaundi oposa 90 miliyoni. Leicester inali itangokweza malipiro a osewera ake otchuka. Ndipo m'mbiri yonse ya mpira wa ku England, timu imodzi yokha ndi imene inatulukapo mu ligi chaka chotsatira itatenga chikho: Manchester City, mu 1938. Munthu aliyense wokhala pampando wa eni timu akanasowa tulo.

Chikalata cha pa 7 Febuluwale

Patatha masiku awiri chigonjereni kwa Manchester United, timu inatulutsa chikalata chonena kuti ili pambuyo pa mphunzitsi wake mosagwedezeka. Inatinso zabwino zonse zimene yapeza m'zaka zapitazi zinamangidwa pa bata, umodzi ndi khama.

Apa ndi pomwe ndimaimitsa ophunzira anga nthawi yaitali. Ku England kuli nthabwala yakale yoti akuluakulu a timu akanena poyera kuti ali nawe, yamba kulongedza. Olemba chikalatachi ankaidziwa nthabwalayo, n'chifukwa chake anasankha mawu olemera kwambiri kuti anthu akhulupirire. Ndipo ambiri anakhulupiriradi, poti uyu sanali mphunzitsi wamba. Vuto ndi lakuti mawu oti “mosagwedezeka” alibe khomo lotulukira. Sanena kuti mpaka liti, sanena kuti malinga zitatani. Ukawalankhula Lachiwiri, gemu ya Lamlungu ku Swansea siingawafufute. Koma Swansea inali mnzake wolimbirana naye kupulumuka, ndipo aliyense m'chipinda cha akuluakulu ankadziwa kuti kugonja kumeneko kudzasintha zonse.

Chikalata chotere chimalembedwa pofuna kuziziritsa atolankhani kwa mlungu umodzi. Mtengo wake umadzalipiridwa mochedwa. Kuyambira tsiku limene achiphwanya, masapota amawerenga chikalata chilichonse cha timu ali ndi funso kumutu: kodi ichi ndiye choona, kapena ndi chija?

Akanandifunsa, ndikanawapatsa njira ziwiri. Yoyamba, kukhala chete, n'kulankhula ndi Ranieri m'chipinda. Chete ameneyo akanawawa masiku angapo, koma sakanawamanga manja. Yachiwiri, kunena zoona zonse: kuti ali ndi Ranieri chifukwa cha zimene anachita, kuti malo amene timu ili ndi oopsa, ndipo kuti chofunika koposa zonse ndi kukhalabe mu ligi. Masapota si ana. Amene amapita kubwalo mlungu ndi mlungu ankaona okha zimene zinkachitika.

Masiku otsatira anangowonjezera moto. Anagonja ku Swansea pa 12 Febuluwale. Pa 18 anatulutsidwa mu chikho cha FA ndi Millwall, timu ya ligi yachitatu, imene inamaliza gemu ndi anthu 10.

Tsiku lomuchotsa

Lachitatu pa 22 Febuluwale, Leicester inali ku Spain kusewera ndi Sevilla mu ndime ya matimu 16 ya Champions League. Sevilla inalamulira gemu, koma Schmeichel anagwira penate, ndipo chakumapeto Vardy anagoletsa chigoli chimene chinasiya zinthu pa 2-1. Kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri masapota anabwerera kwawo ndi kachiyembekezo. Mawa lake timu itatera ku England, Ranieri anauzidwa kuti ntchito yatha. Nyuzipepala zinalemba kuti amene anamuuza ndi Jon Rudkin, mkulu woyang'anira zamasewero.

Sindikhulupirira kuti chiganizo chachikulu chotere chinapangidwa mu ndege. Maganizo anga ndi oti chinali chitapsa kale kuchokera ku Swansea, ndipo anangodikira kuti gemu ya Sevilla idutse. Ngati ndi choncho, anasankha tsiku loipitsitsa. Akanamuchotsa atagonja ndi Swansea kapena Millwall, anthu akanalira koma akanamvetsa. Anamuchotsa pa tsiku lokhalo m'mwezi wonse limene timu inaoneka ngati ikadali ndi moyo.

Chikalata cholengeza chinali m'dzina la wachiwiri kwa wapampando, Aiyawatt Srivaddhanaprabha. Iye anati ichi chinali chiganizo chovuta koposa zonse chigulireni timuyi kampani ya King Power mu 2010, koma udindo wawo ndi kuika tsogolo la timu pamwamba pa chikondi chawo pa munthu. Mawuwo analibe cholakwika. Cholakwika chinali chakuti atawatulutsa, palibe mwini timu amene anakhala pansi pamaso pa atolankhani kuyankha mafunso. Wapampando, Vichai Srivaddhanaprabha, anadzangolemba uthenga pa Instagram wopempha masapota kulemekeza chiganizo chake. Amene anatumizidwa kukakumana ndi atolankhani Lachisanu anali Shakespeare, wogwirizira mpando wa Ranieri, munthu amene sanachotse aliyense, komanso amene ankaoneka kuti ndiye wapindula. Tsiku lomwelo Ranieri anatulutsa uthenga wake wotsazika, momwe ananena kuti dzulo lake maloto ake anafa.

Masapota

Phokoso loyamba, ndiponso lalikulu, linachokera kunja kwa Leicester. Gary Lineker, mwana wa mumzindawo amene anaseweranso timuyi, anati zimenezi n'zosamvetsetseka, zosakhululukika, ndipo anavomera kuti anagwetsa misozi. José Mourinho, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa Manchester United, anafika pamaso pa atolankhani atavala malaya olembedwa zilembo zoyamba za dzina la Ranieri. (Mourinho ankaudziwa ululu wake: Chelsea inamuchotsa mu Disembala 2015, miyezi isanu ndi iwiri atatenga ligi, ndipo gemu yake yomaliza anagonja ndi Leicester ya Ranieri yemweyo.) Anthu a m'mayiko akutali amene anaikonda Leicester chifukwa cha nthano ya 2016 anakwiya ngati aberedwa. Koma awa sakanataya kanthu timu ikanatuluka mu ligi.

Masapota a mumzinda anali pakati pa moto ndi madzi. Ambiri mwa iwo ankamukonda Ranieri kuchokera pansi pa mtima, ndipo omwewonso anali ataonera magemu asanu ndi imodzi a ligi opanda chigoli. Munthu mmodzi ankatha kunena zonse ziwiri mu mpweya umodzi: kuti zachitikazi n'zankhanza, komanso kuti mwina panalibe kuchitira mwina. Akuluakulu a matimu amalakwa akamayesa mtima wa masapota awo pongowerenga zolembedwa pa intaneti, chifukwa wofuula kwambiri kumeneko nthawi zambiri si amene ali ndi tikiti ya chaka chonse.

Zinaonekera bwino Lolemba pa 27 Febuluwale, pa gemu ndi Liverpool pa bwalo la King Power. Zotsatira za kumapeto kwa mlungu zinali zitaigwetsera Leicester m'gulu la matimu atatu otuluka. Kunja kwa bwalo kunafika galimoto yonyamula maliro yokhala ndi mawu oti mpira wafa, uwuse mumtendere. Ena anavala zophimba kumaso za nkhope ya Ranieri, ena ananyamula nsalu zomuthokoza m'Chitaliyana. Koma gemu itayamba anachemerera timu yawo. Vardy anagoletsa, Drinkwater anawonjezera ndi chimpira cha patali, Vardy anabwerezanso ndi mutu. Itakwana mphindi ya 65, nambala ya zaka za Ranieri, Leicester ikutsogola 3-0, anthu anayatsa matochi a mafoni awo bwalo lonse n'kuyamba kuimba dzina lake. Ankaimbira munthu wochotsedwa uku akusangalala ndi zigoli zimene zinabwera iye atachoka, ndipo sanaone chachilendo pamenepo. Gemu inathera 3-1.

Chipambanocho chinabweretsa funso loopsa: nanga khama limeneli linali kuti milungu yonse ija? Nyuzipepala zinali zitalemba kale kuti osewera ena akuluakulu anakumana ndi eni timu Ranieri asanachotsedwe. Vardy ndi Schmeichel anakana poyera, Shakespeare anakananso kuti osewera anagalukira mphunzitsi. Sizinathandize. Pa intaneti osewera anayamba kutchedwa njoka. Mu Malichi, Vardy anaulula kuti walandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, ndipo anthu ena anavutitsa banja lake pamsewu.

Apa ndi pomwe ndimawadzudzula kwambiri akuluakulu a Leicester. Mkwiyo wa masapota sutha wokha. Umafuna munthu woti umugwere. Eni timu anali kutali ndi makamera, mphunzitsi anali atasanduka wolira, otsala pabwalo anali osewera. Ndi iwo amene ankayenda m'misewu ya mumzindawo, ndi iwo amene nkhope zawo zinkadziwika. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma kuno mutu unalewa, nkhonya n'kugwera ena. Mwini timu akanangokhala pansi theka la ola Lachisanu lija n'kunena kuti chiganizochi ndapanga ndine, pa zifukwa izi, ndipo palibe wosewera amene anavota, mphekesera sizikanatheratu, koma zikanasowa pomera. Ranieri mwini ndi amene anadzawachotsera osewera chitonzo mu Epulo, atanena pa Sky Sports kuti sakhulupirira kuti anyamata ake ndi amene anamupereka, ngakhale anasiya mawu oti mwina panali wina kumbuyo kwake.

Zotsatira zake

Shakespeare sanabweretse nzeru yachilendo. Pa gemu ya Liverpool anaika anthu 10 mwa 11 amene anatenga ligi, Ndidi n'kuima pamalo a Kanté, Okazaki n'kubwerera kumbuyo kwa Vardy. Anapambana magemu asanu a ligi motsatizana: Liverpool, Hull, West Ham, Stoke ndi Sunderland. Pakati pake anagonjetsa Sevilla 2-0 pa 14 Malichi, Schmeichel atagwiranso penate, n'kufika mu makotafainolo, momwe anatulutsidwa ndi Atlético Madrid. Ligi anaimaliza pa nambala 12 ndi mapointi 44. Zotuluka zinali Hull, Middlesbrough ndi Sunderland.

Tiwerenge. Ranieri anapeza mapointi 21 m'magemu 25. Akanapitirira pa liwiro lomwelo akanamaliza ndi mapointi pafupifupi 32, pamene Hull inatuluka ili ndi 34. Shakespeare anapeza 23 m'magemu 13. Poyang'ana zimenezi, sindingawatsutse eni timu pa chiganizo chenichenicho. Ndikanakhala m'chipindamo, mwina nanenso ndikanavomera.

Komabe manambalawa asatinyenge kwambiri. Matimu amachotsa mphunzitsi pamene zinthu zafika poipitsitsa, ndipo timu yokhala ndi osewera abwino ikafika pamenepo kawirikawiri imadzuka ndithu, kaya mphunzitsi wasintha kaya ayi. Vardy ndi Mahrez sakanakhala osagoletsa mpaka Meyi. Mahrez, Slimani ndi Daniel Amartey anali atasowa mbali ya Januwale chifukwa cha mpikisano wa matimu a mu Africa ku Gabon. Ndandanda ya magemu nayo inafewa: mwa matimu asanu amene Shakespeare anawagonjetsa motsatizana, awiri anadzatuluka mu ligi, ndipo magemu anayi anali a pakhomo. Kusintha mphunzitsi kunathandiza, makamaka pobwezeretsa kasewero kamene osewera ankakadziwa, koma si kokha kamene kanapulumutsa timu.

Eni timu anawerenga miyezi itatu ija ngati umboni wokwanira, ndipo mu Juni 2017 anamupatsa Shakespeare kontirakiti ya zaka zitatu. Sizoni yatsopano itayamba, Drinkwater anagulitsidwa ku Chelsea, ndipo Adrien Silva, amene anagulidwa kuti alowe m'malo mwake, sanaloledwe kusewera mpaka Januwale chifukwa mapepala ake anafika ku FIFA mochedwa ndi masekondi 14. M'magemu 8 oyamba Leicester inapambana imodzi yokha. Pa 17 Okutobala 2017, timu ili pa nambala 18, Shakespeare naye anachotsedwa, patangotha miyezi inayi chisainireni, ndipo malo ake anapatsidwa kwa Claude Puel.